Mphunzitsi wina ali pa desiki lomwelo

Belu la phunziro la bayoloje likangolira, mphunzitsi amalowa ndi choko m'manja, kupereka moni, n'kutembenukira ku bolodi. Amajambula mtima wa munthu ndi mitsempha yake, kenako amaloza ndi rula uku akufotokoza m'Chingerezi, apo ndi apo n'kuthiramo Chichewa kuti onse amve: "Magazi amalowa apa, n'kudutsa apa, kukatulukira uku. Tili limodzi?" Kalasi yonse ya Fomu 3 imavomera.

Pa desiki lakutsogolo pali mnyamata wosaona. Mawu onse wawamva bwino lomwe, koma "apa" ndi "uku" sizinamuuze kanthu. Amene amamuuza ndi mnzake wokhala naye pa desikipo. Iyeyu amatenga dzanja la mnyamatayo, kulitambasula, n'kuyamba kulemba ndi chala m'chikhatho: chipinda chapamwamba chakumanja, chapansi pake, msewu wopita kumapapo, wobwerera. Amanong'ona kuti asasokoneze kalasi, ndipo kope lake lomwe likudikira kuti ajambulemo. Mphunzitsi akamafufuta bolodi, mwanayu amakhala ataphunzitsa kale phunziro lathunthu, pomwe chojambula chake chafika theka.

Ana otere alipo m'sukulu zambiri za sekondale m'dziko muno. Ndi iwo amawerengera anzawo mabuku, kuwalembera manotsi, kuwamasulira zomwe mphunzitsi wanena, kukankha njinga za aulumali pamchenga wa pabwalo, ndi kuperekeza mnzawo kunyumba dzuwa likapendeka. Salembedwa m'malipoti opita ku Unduna wa Zamaphunziro, ndipo ambiri palibe anawaphunzitsapo kachitidwe ka ntchitoyi. Komatu atati tsiku lina onse angopinda manja, ophunzira aulumali ochuluka sangafike pa mayeso a MSCE. Ndikhulupirira kuti nthawi yakwana yoti ntchito ya anawa tiitenge ngati ntchito: tiikonze bwino, tiipatse malire, tiiyamikire, komanso tisalole kuti boma libisale kumbuyo kwake.

Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa anthu azaka 5 kupita m'tsogolo, 10.4 mwa 100 alionse ali ndi ulumali wamtundu wina, kutanthauza anthu oposa 1.5 miliyoni. Kalembera yemweyo anawerenga anthu achialubino 134,636. Papepala dziko lathu silinagone. Mu 2009 Malawi anavomereza pangano la United Nations la ufulu wa anthu aulumali. Mu 2012 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loteteza anthu aulumali, lomwe linalowedwa m'malo ndi lina mu 2024. Unduna unatulutsanso ndondomeko ya 2017 mpaka 2021 yofuna kuti ana onse aziphunzira pamodzi, wina asamapatulidwe chifukwa cha thupi lake.

Mbiri ya maphunziro a ana aulumali inayamba kale, ndi amishoni, pa sukulu za osaona monga Chilanga ku Kasungu ndi Lulwe ku Nsanje. Pambuyo pake kunabwera sukulu za ana osamva monga Maryview ku Chiradzulu, Mua ku Dedza ndi Embangweni ku Mzimba. Aphunzitsi odziwa ntchitoyi akhala akusulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Mwana wokulira pa sukulu ngati zimenezi amazolowera kukhala pakati pa anthu omumvetsa. Vuto limadza akakhoza mayeso a Sitandade 8. Amasankhidwira ku sekondale komwe mphunzitsi wa masamu sanagwirepo pepala la Braille, ndipo wa Chingerezi sadziwa ngakhale moni wa chinenero cha manja. Pomwe pali mwayi pamakhala chipinda chapadera chothandizira ophunzira aulumali, ndi mphunzitsi mmodzi kapena awiri oti akwanitse mafomu onse ndi maphunziro onse. Ku sukulu zambiri zoyendera za CDSS, ngakhale mmodziyo kulibe.

Zikatere, mphunzitsi wa kalasi amangomwaza maso, n'kusankha mwana wooneka wofatsa. "Iwe, uzikhala ndi mnzakoyu, uzimuthandiza." Malangizo amathera pomwepo, ndipo ntchito ya zaka zinayi yayambika.

Ntchito yake ndi yotani

Tiyambe ndi manotsi, poti sukulu zathu zimadalira kwambiri kukopera za pabolodi chifukwa cha kuchepa kwa mabuku. Wophunzira wosaona yemwe alibe makina olembera Braille a Perkins amalemba ndi kachitsulo kosongoka, kuboola timadontho papepala lolimba lomwe walipana m'chikombole chake. Poti amaboola kuchokera kumbuyo kwa pepala, amalemba kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo akalitembenuza m'pamene zala zimawerenga. Ndi ntchito yofuna nthawi. Choncho manotsi omwe ena amaliza m'kalasi, iye amawalemba madzulo, mnzake akumuwerengera mzere ndi mzere, kutchula zilembo za mawu ovuta chimodzichimodzi, kunena pomwe pali mpumiro ndi pomwe ndime yatha. Wowerengayo akalakwitsa pokopera masana, cholakwacho chimalowa m'timadontho madzulo, ndipo palibe mphunzitsi amene adzachione mpaka tsiku la mayeso.

Pa masamu m'pomwe pamaonekera kuti mtima wabwino pawokha sukwanira. Mwana akawerengera mnzake kuti "x plus one over two", wakumvayo sadziwa ngati 2 akugawa 1 yekha kapena x ndi 1 pamodzi. Woona amangoyang'ana kutalika kwa mzere n'kudziwa. Wosaona amadalira pakamwa pa mnzake, ndipo ngati mnzakeyo sanauzidwe kuti azinena pomwe mzere wayambira ndi pomwe wathera, onse awiri amadabwa kuti ansala akusiyana bwanji. Kanthu aka mphunzitsi wodziwa angakaphunzitse m'mphindi zochepa chabe. Chimodzimodzi ndi zojambula. Ana ena anatulukira okha nzeru yomata ulusi pakatoni ndi guluu kuti mnzawo apapase mapu a Malawi, nyanja n'kuimata mchenga, mizinda n'kuika njere za mapira. Luso lotere limafa mwini wake akamaliza Fomu 4, chifukwa palibe amalisunga kuti a m'mbuyo adzalipeze.

Kwa wophunzira wosamva mavuto ake ndi ena. Ambiri timaganiza kuti akakhala kutsogolo aziwerenga milomo ya mphunzitsi, koma milomo imaonetsa zochepa, ndipo mphunzitsi amalankhula kwambiri atayang'ana ku bolodi. Chinenero cha manja chili ndi malamulo akeake a kayalidwe ka mawu, osiyana ndi a Chichewa kapena Chingerezi. Ndiye kuti mwanayu akamalemba chimangirizo cha Chingerezi, akulemba m'chinenero chomwe sanachimvepo ndi khutu. Mnzake womuthandiza amayamba ndi timapepala tolemberana pansi pa desiki, kenako amaphunzira zilembo za zala, ndipo pakutha pa chaka amakhala akucheza ndi manja pa nthawi yopuma. Amene wamuphunzitsa zonsezi ndi wosamva yemweyo. Bungwe la anthu osamva la MANAD linatulutsa buku lotanthauzira chinenero cha manja cha ku Malawi, ndipo ndi buku loyenera kupezeka m'laibulale ya sekondale iliyonse yomwe ili ndi wophunzira wosamva. Komabe tisadzinamize: mwana wa Fomu 2 wodziwa zizindikiro zochezera sangamasulire phunziro la kemisitiri. Imeneyo ndi ntchito ya womasulira wophunzitsidwa.

Wophunzira wachialubino nthawi zambiri amaona movutikira, ndipo kuwala kumamupweteka maso. Chomwe amafuna kwa mnzake n'chochepa: kope lolembedwa ndi zilembo zazikulu zakuda bwino, malo akutsogolo kutali ndi kuwala kwa pawindo, ndi anzake omuikira kumbuyo pulifekiti akamuvula chipewa pa asembule dzuwa lili phwee. Kuyambira cha mu 2014, pomwe nkhanza zosaka anthu achialubino zinakula m'dziko muno, kuyenda pagulu popita ndi pochokera ku sukulu kwakhala chitetezo chenicheni. Kuli makolo omwe amalola mwana wawo kupitiriza sukulu chifukwa choti akudziwa anzake omwe amamudikira pamphambano m'mawa uliwonse.

Za khunyu ndinenepo pang'ono, chifukwa apa umbuli ungaphetse munthu. Mwana akagwa m'kalasi, anzake ambiri amathawa poopa kuti akakhudza malovu ake kapena akapuma mpweya womwe watulutsa, nawonso atenga matendawa. Khunyu sapatsirana. Chofunika ndi kuchotsa madesiki pafupi, kuika juzi pansi pa mutu, osamuika sipuni kapena chala m'kamwa, osamupanikiza, ndipo kugwedezeka kukatha kumugoneka chammbali. Kukapitirira mphindi 5, athamangire naye kuchipatala. Kalasi ikadziwa zimenezi, mwana wodwala khunyu amabwerera ku sukulu mawa lake wopanda manyazi.

Pomwe chifundo chimalakwitsa

Cholakwa chofala kwambiri ndi kumuchitira mnzako m'malo momuthandiza kuti achite yekha. Wothandiza watopa, nthawi yatha, homuweki ikufunika mawa. Njira yachidule ndi kungomuuza ansala, kapena kumulembera. Onse awiri amapeza malikisi abwino, mphunzitsi amakondwa, ndipo zimayenda chomwecho mpaka tsiku lomwe a MANEB afika ndi mapepala awo. Bungweli limakonza mapepala a Braille ndi a zilembo zazikulu kwa omwe analembetsa zosowa zawo, koma mnzako wa pa desiki salowa nawe m'chipinda cha mayeso kudzakuganizira. Mwana yemwe anazolowera kulandira ansala amazindikira tsiku limenelo kuti anamukomera mtima momuwononga.

Cholakwa china ndi kuiwala kufunsa. Munthu amangofika kumbuyo kwa njinga ya mnzake n'kuyamba kukankha, osadziwa komwe mwini wake amafuna kupita. Wina amakoka wosaona pamkono ngati akuthawa mvula, pomwe njira yoyenera ndi kumulola iye kuti agwire mkono wako pamwamba pa chigongono, iwe n'kutsogola pang'ono, kumuuza pakakhala sitepe kapena ngalande. Ndipo chomwe chimawawa kwambiri, monga ophunzira aulumali amadandaulira kawirikawiri, ndi pomwe mphunzitsi afunsa wothandiza kuti "Kodi mnzakoyu wamva?" mwini wake ali pomwepo. Wothandiza wabwino amayankha kuti, "Mufunseni yekha, aphunzitsi." Kuyankha kotero kumafuna kulimba mtima, ndipo n'kofunika kuposa manotsi.

Palinso katundu yemwe timasenzetsa mwana mmodzi. Kawirikawiri amasankhidwa mtsikana, chifukwa kwathu kuno tinazolowera kuti kusamalira ena ndi kwa akazi. Mtsikanayo kunyumba akumudikira mtondo, nkhuni ndi mphika, ndipo nayenso ali ndi mayeso ake. Makolo akaona malikisi akutsika amathamangira kwa ahedi: "Ife tinatumiza mwana kudzaphunzira, osati kudzalera mwana wa eni." Dandaulo lawo ndimalimvetsa, ngakhale sindigwirizana ndi mawu akewo. Aphunzitsi amadziwa kuti amene wafotokozera mnzake phunziro amalimvetsa kuposa amene wangoliwerenga, chifukwa pofotokoza m'pamene umapeza pomwe iwe mwini sunamve. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika, ndipo pano ndi zoona ndithu. Koma phinduli lili ndi malire. Kufotokoza masamu kwa theka la ola kumanola mutu. Kuwerengera mnzako manotsi a maphunziro onse usiku uliwonse kwa zaka zinayi, iwe wekha, kumangokutopetsa.

Nkhani yomwe ambiri safuna kuikamba ndi ya mphamvu. Amene amadalira munthu mmodzi pa manotsi, pa njira ya kuchimbudzi ndi pa uthenga wa mphunzitsi, sangamukanize kanthu mosavuta. Akayambana, amene amavutika ndi waulumaliyo. Wothandiza wopanda khalidwe angayambe kupempha ndalama ya mthumba, sopo kapena shuga wa mnzake. Kwa atsikana aulumali ngozi yake ndi yoposa apo, makamaka ngati wowathandiza ndi mnyamata kapena munthu wamkulu, ndipo mtsikana wosamva angasowe ndi womuuza komwe, poti palibe wamkulu pa sukulupo womva chinenero chake. Sukulu yomwe yasiya zonse m'manja mwa mwana mmodzi popanda mphunzitsi woyang'anira yatsegula khomo la zoipa zotere.

Naye ali n'choti aphunzitse

Zilembo zomwe osaona amawerenga lero pa dziko lonse zinatulukira kwa mwana wa sukulu. Louis Braille anabadwa mu 1809 ku France, ndipo anavulala diso ali ndi zaka 3 akusewera ndi chida chosongoka cha bambo ake, omwe ankasoka zikopa. Matenda anafalikira ku diso linalo mpaka anasiya kuona. Ali pa sukulu ya osaona ku Paris, mu 1824, ali ndi zaka 15, anakonza njira yolembera ndi timadontho 6. Oyamba kuilandira anali ophunzira anzake, omwe ankaphunzitsana okhaokha. Panafika nthawi yomwe mkulu wina wa sukuluyo analetsa zilembozi, koma anawo anapitiriza kuzigwiritsa ntchito mobisa. Sukuluyo inazivomereza mwalamulo mu 1854, patapita zaka ziwiri Braille atamwalira.

Ndakumbutsa mbiriyi chifukwa tikamakamba za kuthandizana m'kalasi, maganizo athu amathamangira mbali imodzi: wopanda ulumali ndiye wopereka, waulumali ndiye wolandira. M'makalasi mwathu sizikhala choncho nthawi zonse. Wophunzira wosaona yemwe wazolowera kusunga zinthu pamtima amatha kukumbukira buku lonse la literature, mutu ndi mutu, ndipo madzulo a mayeso anzake amamuzungulira kuti awakumbutse. Mtsikana woyenda pa njinga akhoza kukhala katswiri wa masamu wa kalasi yonse. Ubale umalimba pomwe onse awiri ali ndi chopatsana. Pomwe wina amangolandira, amayamba kudzimva ngati katundu, ndipo ena amasiya sukulu chifukwa cha manyazi amenewo, osati chifukwa cholephera maphunziro.

Maiko ena anaiona nkhaniyi kale n'kuikonzera dongosolo. Ku Kansas City, m'dziko la America, akatswiri a Juniper Gardens Children's Project anayambitsa njira yomwe kalasi yonse imakhala awiriawiri. Wina amafunsa kwa mphindi pafupifupi 10, winayo akuyankha, kenako amasinthana, ndipo sabata iliyonse aliyense amapatsidwa mnzake watsopano. Ubwino wake ndi woti palibe amene amalozedwa chala kuti uyu ndiye wothandizidwa, poti aliyense ndi mphunzitsi komanso wophunzira. Ku Nashville, m'dziko lomwelo, sukulu za sekondale zinafika popanga kuthandiza anzako aulumali kukhala phunziro lolembetsa, lokhala ndi mphunzitsi wake ndi malikisi ake. Sitingatengere zonse, poti makalasi athu ndi odzaza ndipo zipangizo n'zochepa. Koma njira ya awiriawiriyo sifuna magetsi kapena kompyuta, ndipo sukulu zathu zambiri zili kale ndi magulu owerengera pamodzi a study circle, momwe ingalowe mosavuta.

Zomwe sukulu ingachite popanda kudikira thandizo la kunja n'zodziwika. Poyamba afunsidwe mwini wake: ukufuna thandizo pa chiyani, ndipo ukufuna ndani? Ena safuna wowalembera, amangofuna mphunzitsi azitchula mokweza zomwe akulemba pabolodi. Othandiza akhale atatu kapena anayi, anyamata ndi atsikana, ogawana maphunziro malinga ndi zomwe aliyense amakhoza, ndipo akhale odzipereka okha. Za kuchimbudzi ndi kubafa zikhale za omwe mwini wake wawasankha, mtsikana kwa atsikana anzake. Kumayambiriro kwa teremu, mphunzitsi wa maphunziro apadera, ngakhale wobwerekedwa ku sukulu yapafupi, akhale nawo masana amodzi kuwaonetsa kawerengedwe ka masamu, kaperekezedwe ndi zoyenera kuchita wina akagwa khunyu. Mabungwe a eni ake monga Malawi Union of the Blind, MANAD, APAM ndi FEDOMA ali ndi anthu omwe anadutsa m'makalasi omwewa, ndipo mawu awo angamveke kwa ana kuposa a wina aliyense. Pakhale mphunzitsi mmodzi wodziwika yemwe waulumali angamuuze mwamseri ngati zinthu sizikuyenda. Ndipo pomaliza Fomu 4, kalata ya umboni yochokera kwa ahedi inene momveka kuti mwana uyu anatumikira anzake motere. Kalata yotere ingamuthandize pofunsira ntchito kapena malo ku koleji, ndipo mwa ana amenewa ndi momwe mungatuluke aphunzitsi a maphunziro apadera ndi omasulira omwe tikuwasowa lero.

Koma pali zinthu zomwe mwana sangachite, ngakhale atakhala wa mtima wabwino chotani. Sangasindikize buku la Braille. Sangagule makina a Perkins kapena mapepala ake. Sangamange njira ya njinga yolowera mu labotale, kapena kukulitsa chitseko cha chimbudzi. Sangasandutse timadontho ta mnzake kukhala zilembo za inki kuti mphunzitsi wa jogalafe achonge. Izi ndi za Unduna, za makhonsolo ndi za aphungu omwe amavomereza bajeti, ndipo malamulo omwe tinakhazikitsa tokha amanena kuti ndi ufulu wa mwanayo. Ukamva akuluakulu akuyamikira pa msonkhano kuti ana a pa sukulu yakuti amakondana ndipo amathandizana, ndi bwino kufunsanso kuti mabuku a Braille a Fomu 3 anafika liti pa sukulupo, ndipo womasulira chinenero cha manja analembedwa ntchito liti.

Kwa ahedi ndi makomiti a makolo ndi aphunzitsi, pempho langa ndi loti teremu ikubwerayi musadikire kalata yochokera ku likulu. Itanani ophunzira aulumali a pa sukulu panu, aliyense payekha, muwafunse amene wakhala akuwathandiza ndi momwe zikuyendera. Kenako itanani othandizawo, muwafunse ngati akupeza nthawi yowerenga zawo, ndipo pomwe pali mmodzi muwonjezerepo ena sabata yoyamba isanathe.